Makina Osokera a Abiti Amade

Che Dawudi analowa kupolisi osaodira, fumbi la msewu wa ku Cuamba likadali mbuu m'ndevu. Anali dalaivala wa lole ya akoperante, azungu aja anabwera kudzaphunzitsa anthu a ku Lichinga kulima mbatata ya kachewere, ngati kuti anthu a ku Lichinga anadandaulapo kwa wina kuti mbatata ikuwavuta. Munthuyo anali chimphona, ndipo mawu ake ankafika pamalo iye asanafike.

"Shefi Nazário, andibera! Wallahi andibera, masanasana dzuwa likuswa mtengo!"

Sarijento Nazário ankawotha manja pa mbaula, poti chisanu cha Juni ku Lichinga sichiopa yunifolomu. Anali wapolisi wonenepa m'nyengo imene kunenepa kunali kodabwitsa, waulesi poyenda koma wosaiwala kanthu. Analoza benchi.

"Khalani pansi, Che Dawudi. Akuberani chiyani?"

"Makina osokera a mayi a kunyumba. Ndafika dzulo ndi kolona, mdipiti wa malole uja, mlungu wathunthu pamsewu, asilikali kutsogolo, asilikali kumbuyo, zipolopolo zikutiimbira nyimbo. Ndilowe m'nyumba mwanga ndipeze thebulo lili pululu ngati nkhuku yodula mutu! Makina amenewo ndinagula ndi thukuta langa. Ndalama yoyera, shefi, izento. Maiko awiri anasainirana kuti malipiro a ife a pulojekiti boma lisadulepo ngakhale metikali imodzi. Ndiye wina angobwera n'kunyamula?"

"Anabedwa liti?"

"Loweruka, anthu onse ali ku msonkhano wa bairo, dera lathu lija. Mumugwire, shefi. Ndikufuna ndimuone pabwalo akudya chikoti."

Zaka zimenezo wakuba sankangolowa m'ndende. Ankayamba wakwapulidwa pabwalo khamu likuonerera, kenako lole inkamutenga kupita ku kampu ya kutchire, kumene anthu ankapita msanga koma kubwerako mochedwa. Nazário anaperekezapo anthu angapo ku lole imeneyo, ndipo tsiku lililonse lotero chakudya chinkamukanika. Anavala chipewa, natulutsa njinga yake ya matayala ophatikiza zigamba.

Nyumba ya Dawudi ku Lulimile inali yamalata, yozungulidwa ndi mitengo ya mapichesi yoyoyoka masamba. Malowo anali a kuchikazi; Dawudi, ndi thupi lake lonselo, anali mkamwini. Mkazi wake Zubaida, amene aliyense ankamutcha Abiti Amade, anawalandira atagwada pakhomo, maso ali pansi.

Nazário anaima pachitseko kaye. Loko anali bwinobwino.

"Munatseka, mayi?"

"Ndinaiwala."

"Inu munali kuti?"

"Ku msonkhano."

"Ana?"

"Aakulu anali kusukulu kokaimba. Wamng'ono ndinamusiya kwa a Luzia."

Mayankho ake anali ngati mchere wa nthawi ya nkhondo, kapang'onopang'ono. Nazário anamusiya, nayamba kufunsa chipindacho. Thebulo la makina linali pafupi ndi zenera, chopondera chake chili pomwepo. Lamba sanadulidwe, wina anamuvula bwinobwino n'kumukoleka pa msomali. Pa shelefu panali kapu ya chitsulo, ndipo m'kapumo munali masikuluwu onse amene ankagwira mutu wa makina, atapukutidwa. Pambali pa kapuyo panali wailesi yaing'ono. Pansi pake panali chitini cha shuga chodzadza pakati, chinthu chimene mu Lichinga monse munthu akanagula nacho mbuzi.

"Wakuba wanu sakonda tiyi," anatero Nazário.

"Anali wothamanga," anayankha Dawudi.

"Wothamanga amapukuta masikuluwu? Mafuta a makina mumasunga pati?"

Dawudi anapisa dzanja kuseri kwa mtanda wa denga, nalitulutsa lopanda kanthu. "Aa! Kabotolo kanali pano. Ndinakabisa ndekha kuopa ana."

"Akudziwa malo amenewa ndani?"

"Ine ndi mayiwa basi."

Abiti Amade anadzuka mwakachetechete, nati akaone nyemba pamoto. Nazário anamuyang'ana akutuluka. Ankayenda atagwira m'chiuno ngati munthu amene msana ukumupweteka.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala Dona Luzia, mayi wamasiye wa mwendo wotupa, amene Mulungu anamumana kuyenda n'kumubwezera pakamwa. Anamupeza atatambalala pamphasa akusola nyemba.

"Ii, shefi, mwachita bwino kubwera, ine ndimati ndikutumireni uthenga. Anthu aipa masiku ano, ayi ndithu. Ine ku msonkhano sindinapite, mwendowu mukuuona, a sekeretale anandilola. Ndinakhala pompano kuyambira m'mawa, maso ku njira. Munthu wachilendo? Ng'o! Anadutsa ndi mbuzi ya a Chabwera yokha, yomweyo yodya zovala za anthu ija, mukanaimanga imeneyo bwenzi mutagwira ntchito."

"Ndiye m'nyumbamo simunalowe munthu?"

"Kulowa ayi. Kutuluka, anatuluka mwini wake, mochedwa zedi, ng'oma za msonkhano zitayamba kale. Ndinamuitana, ndati, mnzanga, fulumira akulemba dzina! Iye osacheuka. Wabereka mwana wake, wamufunditsa nsalu ya kapulana mpaka kumutu chifukwa cha mphepoyi, akuyenda chowerama. Ndinati mumtima, ana a Che Dawudi akulemera bwanji, akudya mafuta a akoperante."

"Analowera ku bwalo la msonkhano?"

"Ayi, anatsikira njira ya kumunsi, yopita ku Namacula. Kapena amakatenga mnzake."

Nazário anatola nyemba imodzi, naiponya m'lichero. "Abiti Amade mwana wake wamng'ono ndani?"

"Awa, kamtsikana ka zaka zinayi, kochenjera ngati—"

"Loweruka limenelo Awa anali kuti?"

"Pompano! Anagona pamphasa yomweyi, mutu pa mwendo wanga wabwinowu, mpaka..."

Dona Luzia anasiya pakamwa pali yasa. Kenako anadzigwira pakamwapo ndi manja onse awiri, chinthu chimene anthu a ku Lulimile anali asanachionepo.

Sekeretale wa bairo, Kamarada Eugénio, ankayankhula ndi munthu mmodzi ngati akuyankhula ndi chikwi. Analandira Nazário ataimirira.

"Kamarada Sarijento! Kuba ndi mdani wa chitukuko! Bairo lathu ndi latcheru!"

"Zoona, kamarada. Abiti Amade anabwera ku msonkhano?"

"Anabwera, koma mochedwa, zimene tinadzudzula. Anafika tikuimba nyimbo yotsekera."

"Ali ndi mwana kumbuyo?"

"Wopanda mwana. Thukuta lokhalokha, chisanu chonse chija. Ndinaganiza kuti ndi malungo."

"Msonkhanowo unali wa chiyani?"

Eugénio anakweza chala. "Wa msonkho! Tinalengeza kale mlungu wathawo, Loweruka tinkangobwereza. Gulu la ku ofesi ya msonkho liyenda nyumba ndi nyumba kuyambira Lachinayi. Boma limachotsera msonkho antchito amene akulera ana ambiri pa malipiro ochepa. Tsono ena alembetsa ana a mphepo. Gululi lidzaona anawo ndi maso, lidzaona mmene akukhalira. Wonama adzaweruzidwa ngati wosokoneza chuma cha dziko!" Anatsitsa mawu pang'ono, nakhala munthu. "Anthu akuchita mantha, Nazário. Ngakhale aphunzitsi. Che Salumu, mlongo wake wa Abiti Amade yemweyo, wa ku Namacula, anabwera Lachisanu kudzandifunsa tsiku. Ndinamuuza. Anafika pa mango apo, n'kubwereranso kudzafunsa tsiku lomwelo."

Limenelo linali Lachiwiri. Nazário anakwera njinga, ndipo mimba inamuuza kuti dzuwa lafika pamutu.

Nazário anali ndi mwayi umodzi umene apolisi anzake analibe: anakwatira ofesi ya msonkho. Mkazi wake Brígida ankagwira ntchito kumeneko kuyambira chaka cha ufulu, ndipo masana ankathamangira kunyumba kudzatenthetsa chakudya. Anali mayi wochepa thupi, wa magalasi omanga ndi ulusi, yemwe ankakalipira mwamuna wake ndi dzanja limodzi kwinaku dzanja linalo likumuwonjezera ndiwo.

"Samba m'manja. Wagwira akuba angati lero?"

"Ndagwira mwana wachitsulo," anatero Nazário, akukoka mbale ya mbatata ndi nyemba. "Tandiuza, Brígida. Munthu wolandira ndalama ya izento, inu a msonkho mumamudziwa?"

"Timayenera kumudziwa. Koma amabwera? Akangomva mzungu akuti izento, amayesa kuti awachotsa m'dziko. Ndatopa n'kufotokoza. Izento ndiye kuti sitidulapo kanthu, koma kunena uyenera kunena. Chaka chilichonse ubwere, unene kuti ndalandira zakutizakuti, ife tilembe, upite kwanu ndi ndalama yako yonse."

"Nanga mumalemberanji ngati simudula?"

"Chifukwa cha ana, bambo iwe. Chochotsera cha ana ndi cha nyumba zosauka. Tikamayeza ngati nyumba ili yosauka timaphatikiza zonse zolowa m'nyumbamo, ya izento yomwe. Apo ayi, munthu wodya mafuta a akoperante angalande gawo la mwana wamasiye."

"Ndiye ana a dalaivala wa pulojekiti sangachotseredwe kanthu."

"Ngakhale khobidi. Dalaivala wake uti?"

"Che Dawudi, wa ku Lulimile. Mlamu wake wa mphunzitsi Salumu."

Brígida anaika supuni pansi. "Usaseweretse maliro pachakudya."

"Maliro a ndani?"

"A Dawudi amene ukunenayo. Anafa zaka ziwiri zapitazo, kolona itawotchedwa. Che Salumu anabwera ku ofesi ndi ana asanu atawandandika ngati masitepe, kamng'ono kali m'manja. Ndinawalemba ndine pa dzina lake, monga mjomba wawo, malume wowalera. Ndinalira, Nazário. Ndinawapatsa mtedza wanga wa nkhomaliro."

Nazário anameza mbatata yosatafuna bwino, ndipo inamuotcha mpaka pamtima.

"Brígida, malemu ameneyo anali mu ofesi mwanga m'mawa uno. Akufuna makina ake."

Tsopano Nazário anakumbukira. Chaka chimenecho iye anali ku Cuamba pa ntchito, koma nkhani anaimva: kolona inagwa m'manja mwa anyamata a m'tchire, madalaivala ena anafa, ena anatengedwa kukasenza katundu. Patatha miyezi yambiri mmodzi anatulukira, mafupa okhaokha, anthu n'kuthawa poyesa mzukwa. Bairo linavina, pulojekiti inamubwezera lole yake pamodzi ndi malipiro a miyezi yonse ija. Aliyense anadziwa kuti Dawudi wauka, kupatula ofesi imodzi imene Dawudi sankaona chifukwa choipondera.

"Lachinayi akapeza makina atsopano m'nyumba ya ana amasiye, afunsa kuti wagula ndani," anatero Nazário. "Zikatero Salumu achita naye chiyani?"

"Akamupeza iwo, ndi bwalo la milandu. Uphunzitsi watha, ndipo lole ija ukuidziwa." Brígida anavula magalasi, nawapukuta pa kapulana. "Koma akabwera yekha gulu lisanayambe kuyenda, tili ndi chilolezo chokonza. Abweza zonse zimene anachotseredwa kuyambira tsiku limene bamboyo anabwera. Ndi ndalama yambiri kwa mphunzitsi. Ndipo sangabwere yekha. Wakufayo abwere naye, anene malipiro ake ndi pakamwa pake."

"Wakufayo akufuna kuona munthu akudya chikoti."

"Ndiye ukudyeranji pang'onopang'ono? Dzuka!"

Nyumba ya Che Salumu ku Namacula inali yaudzu, yosesedwa bwino, yosauka mwaulemu. Nazário atatsamiritsa njinga pa mpanda anaona nsapato zachikazi pakhomo. Dona Luzia anali atachira kale pakamwa, ndipo uthenga unali utafika kwa Abiti Amade.

Salumu anatuluka yekha. Anali munthu wowonda, wa jekete lotha m'zigongono, choko chili m'zikhadabo. Ankayankhula mawu amodziamodzi ngati akulembetsa ana.

"Sarijento, takulandirani. Ndikudziwa chimene mwadzera."

"Ndiye mundipeputsire ntchito, aphunzitsi. Ali kuti?"

Anamulowetsa m'kachipinda kosungira mbatata. Mulu wa kachewere unali pakona, koma fungo linali la mafuta a makina. Abiti Amade anali atagwada pomwepo. Anafukula mbatata ndi manja, ndipo panaoneka kapulana wa maluwa ofiira. Anamuvundukula pang'onopang'ono. Mutu wa makina unali phee, wakuda, wonyezimira, kabotolo ka mafuta kali pambali. Mayiyo anapukuta fumbi pa gudumu ndi nsonga ya mpango wake.

"Ndinawabereka ndine," anatero. "Achimwene sanakhudze. Mangani ine."

"Chemwali, khala chete," anatero Salumu. "Sarijento, wonama ndine. Pamene ndinkalembetsa anawo sindinaname. Tonse tinkadziwa kuti alamu apita. Ine ndine mwini mbumba, ana a mlongo wanga ndi anga, ndikanawataya kuti? Bodza linayamba tsiku limene anabwera. Ndinati ndipita mawa kukakonza. Kenako ndinamva iwo akuti ndalama yawo boma siliiona. Ndinati, ngati boma siliiona, ndiye kuti kwa boma kulibe, nanga ndikadzutsirenji galu wogona? Chochotseracho chinkandithandiza kubweza ngongole za nthawi ija. Mawa linakhala mawa."

"Bwanji simunamuuze mwini wake?"

Abiti Amade anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Shefi, inu mungamuuze mwamuna wanu kuti, bambo, mwabwera bwino, koma ku boma ndinu malemu, ndipo ana anu ali pa dzina la wina? Munthu amene kale amadandaula kuti pamudzi pathu iye ndi tambala chabe, anapiye ndi a thadzi? Ndinati ndibise makina mpaka gululo lidutse. Lachinayi iwo akanakhala ali ku galaja, Lolemba n'kunyamukanso ndi kolona. Ndinayesa kuti akalipa n'kuiwala. Sindinadziwe kuti athamangira kwa inu."

Kunja kunamveka chitseko cha mpanda chikugwa. Mawu anafika mwini wake asanafike.

"Zubaida! Andiuza kuti watsikira kuno! Shefi, njinga yanu ikutani pano?"

Dawudi anadzaza khomo lonse la kachipindako. Anayang'ana makina, nayang'ana mkazi wake, nayang'ana mlamu wake.

"Alamu? Inu?"

Nazário anamugwira pamkono, namutulutsira pabwalo, namukhazika pa mtondo wovundikira. Anamufotokozera zonse mwadongosolo, osawonjezera, osachotsera. Atafika pa mawu akuti malemu, Dawudi anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Ndinafa? Ine? Ndimayendetsa lole pakati pa moto mwezi ndi mwezi kuti ana anga adye, kumeneko n'kufa? Munandiika m'manda kachiwiri ndili moyo, n'kutenga ana anga kukagulitsa ku boma! Shefi, mutengeni! Mphunzitsi wabodza!"

Salumu anaima chilili, manja ali kumbuyo, osadziteteza. Nazário anatulutsa unyolo m'thumba, naugwira kuti aliyense auone. Sankaufuna, koma ankadziwa kuti anthu ena samva mpaka aone chitsulo.

"Chabwino, Che Dawudi. Mlandu ndi wanu. Wonyamula makina ndi mayi a ana anu, wosunga ndi mjomba wawo. Mundiuze woyamba kumanga. Koma mudziwenso ichi: mukanapita ku ofesi ya msonkho kukanena malipiro anu monga lamulo likunenera, bwenzi atakuukitsani chaka chomwecho. Munadziika m'manda nokha ndi izento wanuyo."

"Mzungu anati—"

"Mzungu anati sadula. Sanati mubisale."

Abiti Amade anatuluka m'kachipinda muja. Sanagwade. Nazário anali asanamumvepo akuyankhula mawu opitirira asanu kwa mwamuna wake, koma tsikulo mtsuko unasweka.

"Bambo a Assane, mundimvere. Miyezi imene munali kutchire, a pulojekiti anatipatsa thumba limodzi la ufa n'kutipepesa, basi. Ana asanu. Achimwenewa ankabwera ndi malipiro awo onse n'kuwathira pamphasa panga, iwo n'kumakadya mbatata yowotcha yopanda mchere. Assane atadwala chifuwa anamubereka ndi iwowa mpaka kuchipatala. Nanga sadaka ya maliro anu? Mumanyadira kuti pa sadaka yanu anthu anadya mpunga ndi mbuzi nthawi ya njala. Munafunsapo kuti mpungawo unachokera kuti? Njinga yawo ija mumati inabedwa, sinabedwe. Anagulitsa kuti inu mupite kwa Mulungu ngati munthu. Mpaka lero akuyenda pansi. Ndiye amangeni. Koma muyambe mwawauza ana kuti mjomba wawo wapita kuti."

Anakhala pansi pomwepo, nafunda mpango kumaso, nalira.

Nkhuku inadutsa pakati pawo, ikutolatola. Dawudi anakhalanso pa mtondo paja, nayang'ana nsapato za mlamu wake, zimene zinali zodula ku tayala. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu," anatero potsiriza, mawu atachepa ngati a munthu wina. "Pa sadaka yangayo, anthu anabwera ambiri?"

"Anadzaza bwalo mpaka kumsewu."

"Shehe anawerenga bwino?"

"Anawerenga mpaka mawu anamuthera."

"Inu munalira?"

Salumu anayang'ana kumbali. "Ndinalira, alamu. Munali ndi ngongole yanga ya sopo."

Dawudi anaseka kamodzi, kuseka kwake kunasanduka china, ndipo anadziphimba kumaso ndi chipewa. Chimphona chikamalira sipakhala poyang'ana, choncho Nazário anayang'ana nkhuku ija, nabweza unyolo m'thumba. Mtima wake unapepuka ngati watula thumba la chimanga.

"Shefi," anatero Dawudi atapukuta m'maso, "palibe wakuba. Ndinaiwala kuti makinawo ndinawatumiza ndekha kuno kuti awasunge. Mutu wanga sunabwerere wonse kutchire kuja."

"Ndilemba choncho. Koma a msonkho sadya kuiwala. Ndalama ija iyenera kubwezedwa, ndipo mufike kumeneko mawa, gulu lisanatuluke."

"Ndi zingati?"

Salumu anatchula. Dawudi analiza mluzu. Malipiro a mwezi umenewo anali atapita kale ku ufa ndi mabulangete. Palibe amene anafuna kuyang'ana ku kachipinda kaja. Anayankhula ndi Abiti Amade, mpango ukadali kumaso.

"Telala wa ku msika wakhala akuwafuna. Agulitseni."

"Zubaida, makina ako aja? Umawapukuta kuposa mmene umandipukutira ine."

"Makina sangalere ana anga. Agulitseni."

M'mawa mwake chifunga chinali chisanachoke m'mitengo ya paini pamene anafika ku ofesi ya msonkho. Nazário anawaperekeza, ati pofuna kuonetsetsa kuti mlandu watsekedwa, koma zoona zake n'zakuti sakanalola kuphonya. Dawudi anavala mkanjo woyera wa Lachisanu. Salumu ananyamula ndalama ya telala m'thumba la jekete, dzanja lili pamwamba pake.

Brígida anawayang'ana pamwamba pa magalasi, nkhope ili gwa ngati sanamvepo kanthu.

"Dzina?"

"Dawudi Assane."

"Mwadzatani, Che Dawudi?"

"Ndabwera kudzanena kuti ndili moyo, mayi. Ndachedwa pang'ono."

Kalaliki wa pa thebulo lina anatsokomola n'kutuluka panja. Brígida analemba. Anafunsa malipiro, Dawudi anatchula onse, a chaka chino ndi a chaka chatha, mokweza kuti ndi a pamzere omwe amve. Brígida analemba pambali pake kuti sadulidwa, namuonetsa ndi chala.

"Mwaona? Palibe amene wakulandani. Chaka chamawa mudzabwerenso." Anatembenukira kwa Salumu, nalandira ndalama ija, namupatsa lisiti. "Aphunzitsi, kuyambira mwezi uno msonkho wanu ukhala wathunthu. Gulu likadzafika ku Lulimile lidzapeza zonse zili m'malo mwake. Nkhani yanu yathera pano."

Salumu anapuma mpweya umene anausunga chaka chathunthu. Anakhala pa benchi.

"Tsopano ana," anatero Brígida. "Ndikuwachotsa kwa mjomba wawo, ndikuwalemba kwa bambo awo. Mudziwe kuti kwa inu sachotsera kanthu."

"Ngakhale atati ndilipire, alembeni." Dawudi anawatchula mmodzimmodzi, kuyambira Assane mpaka Awa, akuwerama kuti aone dzina lililonse likulowa pansi pa lake. Atatha sanachoke. Anazunguza chipewa m'manja.

"Mayi, Lolemba ndikunyamukanso ndi kolona. Msewu uja mukuudziwa. Pansi pa anawo mulembe kuti ndikapanda kubwera, wowatenga ndi Salumu Amade. Asadzavutikenso kuwandandika pano."

"Pepalali lilibe mzere wa zimenezo, Che Dawudi."

"Ndiye ujambuleni."

Brígida anayang'ana mwamuna wake. Nazário anali akuwerenga chikwangwani cha pakhoma mwachidwi chachikulu, maso ali chezichezi. Mayiyo anatsegula kabati, natulutsa rula, najambula mzere wowongoka pansi pa dzina la Awa.

"Aphunzitsi," anatero, "bwerani mudzasaine."